Kilo khumi za pakompyuta

Chaka chimene kompyuta inafika pa esiteti ya labala kumtunda kwa Chintheche, ine ndinali kalaliki wa pasikelo. Anaiika m'chipinda chakechake, nkuifunditsa nsalu yoyera. Polowamo tinkavula nsapato, chinthu chimene sitinkachita ngakhale kutchalitchi. Bwana wathu, amene masamu a sitandade 5 ankawatulutsa thukuta, anayamba kuyenda monyang'wa ngati anaipanga okha.

Lamulo linali lakuti wotema mitengo ya labala aliyense azibweretsa kusikelo ndowa ya utomoni wokwana kilo khumi patsiku, tikatenga avereji ya mwezi. Woperewera ankachotsedwa ntchito, nyumba ya pa esiteti nkuisiyanso. Kale tinkawerengera pamanja, ndipo tinkalemba nambala imodzi yokha pambuyo pa kadontho. Yotsatira ikakhala 5 tinkakweza, monga anatiphunzitsira kusukulu.

Panali bambo wina wa ku Thyolo, wa ana asanu, wosayankhulayankhula. Mwezi wina anadwala malungo, koma anakakamira ntchito mpaka kupeza kilo 199 pa masiku makumi awiri. Papepala langa zinatuluka 9.95, ndiye kuti 10.0, munthu wapulumuka. Kompyuta inasindikiza 9.9.

Ndinapita kwa bwana ndi pepala langa.

"Bwana, apa makina aphonya."

"Makina sanama, iwe. Wonama ndi munthu."

Masiku amenewo kutsutsa wamkulu kunali kudziputira tsoka, poti mawu ako ankatha kukafika kwa a chipani atasanduka ena. Koma zinandipweteka, moti sindinagonje. Katswiri wa ku Blantyre amene anatiikira makinawo anali atandionetsa kalembedwe ka malamulo ake, choncho ndinailamula kompyuta kuti itulutse nambala yonse mmene inaisungira m'mimba mwake. Inalemba 9.9499998. Apa mpamene ndinadziwa kuti chinthucho sichitha kusunga 9.95 yathunthu. Chimasunga yoyandikira, yoperewera pang'ononong'ono, ndiye posindikiza chimatsitsa mmalo mokweza. Makina odula chonchija, kulephera zimene mwana wa pulayimale amachita pa sileti!

Ndinathamangira kwa bwana ndikumwetulira, kupusa kwanga. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, milomo ikugwedera ngati akuwerenga.

"Waona tsopano?" anatero. "Ngakhale 9.95 yakoyo sanaifike. Ukufuna kundiuza chiyani?"

Ndinafotokoza kawiri kuti kupereweraku nkwa makina, osati kwa munthu. Kachitatu anandifunsa ngati nanenso ntchito yandikwana, ndipo ndinabwerera kusikelo. Ndimawanyoza bwanawo mpaka lero, koma kalata yochotsa bambo uja ndinaitayipa ndine, ndi zala zanga zomwezi, mopanda kulakwitsa ngakhale chilembo chimodzi.

Tsiku lonyamuka, bambo uja anandipeza pasikelo. Akazi awo anali pamsewu ndi ana, akudikira basi, mphasa ndi mapoto zili pansi.

"Achimwene, inu ndinu ophunzira," anatero. "Tandiuzani zoona. Ndinaperewera zingati?"

Ndinachita manyazi, koma ndinawauza. Ndinati kwa makinawo, chimene chinasowa sichikwana ngakhale dontho limodzi.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, osakwiya nkomwe.

"Mukanandiuza msanga, achimwene," anatero, "ndikanangolavulira m'ndowamo."