Nsomba zamanyazi za ku Area 25

Nsomba zanga za mbuna ndinagawira anzanga zonse, pofuna kuti thanki yanga yagalasi ikhale ya madzi amchere ngati zimene ndinkaona pafoni. Ndinathira mchere, n'kuyalamo miyala, kenako m'pamene ndinayamba kufunsa kogula nsomba zake. Mu Lilongwe monse sindinapeze ngakhale imodzi. Nzeru zanga zimafika choncho, mwambo utatha.

Apongozi anga aamuna atabwera kuchokera ku Dedza anafunsa, "Nanga nsombazo zili kuti, bambo?"

"Za m'madzi amchere n'zamanyazi, zabisala m'miyalamo," ndinatero.

Anakoka mpando n'kukhala pomwepo mpaka tiyi wawo anazizira. Kenako analoza galasilo. "Eya, ndaiona. Yonenepa bwino."

Ine, munthu wandevu zanga, ndinawayankha kuti imeneyo ndiye yaikazi.