Khutu la Jivi pa Basi ya ku Petauke

Ndinanyamuka pa Nyimba seveni koloko m'mawa nditakumbatila kulabokosi ya amai, ija amagulitsilamo zozizilitsa kukhosi. M'katimo munali madzi oundana ndi mtembo wa kalulu wathu, wokulungidwa m'mapulasitiki atatu.

Mlandu wake unali wotele. M'sabata imodzi akalulu a m'komboni mwathu anatha khola ndi khola: madzulo akudya bwinobwino, m'mawa ali gone, magazi m'mphuno. Anthu sanavutike kufuna wolakwa. Anakulunga nsanza belu la sukulu ndani? Tiza. Anaika chule m'chikwama cha amai a kwaya? Tiza. Anapaka jivi, mankhwala a zilonda aja, pa khutu la kalulu woyela wa aSakala? Ine ndemwe, ndipo anakongola. Koma poizoni ayi.

Atate sanamve zimenezo. "Pita naye kalulu wathu wakufayu kwa adokotala a ziweto ku Petauke, ndiwo akusonkhanitsa akalulu akufa. Akakati ndi poizoni, sukulu yathela pomwepo, ukalima kwa azakhali ako ku Sandwe."

Minibasi inali K100. Pambali panga panakhala bambo wa chipewa chamlaza, aDaka, dengu lophimba chitenje lili pamiyendo. Tisanathe n'komwe minda ya nthochi, dengu lija linagwedezeka.

"Anthu a pa Nyimba apenga, mwana wanga," anatelo akumwetulila. "Kalulu wamkulu K30! Ndagula asanu ndi mmodzi. Mawa ndikawagulitsa ku Msanzala."

Ndinavundukula chitenje pang'ono. Khutu la jivi lili njoo, ntchito ya manja anga! Kwa aSakala n'kumene imfa inayambila, ndiye otsalawo anawagulitsa msangamsanga asanawafele.

Ndikanawauza zoona, akanatsika panjila n'kuzimilila nalo dengu. Tsono ndinachita zomwe ndimadziwa.

"Ku Msanzala mukataya ndalama, bambo. Ku boma kuli amai a hotela amagula K120 mmodzi. Ndikupita komweko."

Pa Minga tinaima hafu pasiti eyiti. ADaka anandigulila vitumbuwa vinayi vondithokoza, ndinadya osatsamwa. Kenako mai wina wogulitsa nshawa anasuzumila pawindo n'kuyamba kunenelela kalulu mmodzi. Ndinasendela msanga kufupi ndi aDaka.

"A hotela amatenga asanu ndi mmodzi," ndinanong'oneza. "Akapelewela amabweza onse."

"Pepani amai, ali ndi eni ake," anatelo aDaka monyada.

Tinatsika pa mphambano ya Petauke n'kukwela takisi ya K20. Teni koloko tinali pa khomo lonunkha dipi.

"Hotela yake ndi ino?"

"Khomo lakumbuyo, bambo. Lowani."

Adokotala anali amai Mulenga, a Chinyanja chopendekela ku Chibemba. Anavala magolovesi, n'kutumbula kalulu wathu. Chiwindi chinali chotuwa, chonyenyeka ngati chikondamoyo.

"Poizoni satele," anatelo. "Izi zikuonetsa kachilombo. Anthu sikawagwila, koma kamayenda pa nsapato, pa udzu, pa ntchentche, ngakhale m'madengu ngati ilo."

ADaka anatula dengu pansi pang'onopang'ono.

Amaiwo anadula kachidutswa ka chiwindi n'kukatsekela m'kabotolo kopita ku Lusaka. Anati kachilombo kalinso ndi mtundu wake, monga tilili a Daka ndi a Tembo. Makina akakawelenga, adziwa ngati ka pa Nyimba n'kamwana ka komwe kanapha akalulu kwina, ndi komwe kanadzela. "Koma makina satchula khola. Akalulu a m'dengu awa achokela kwa yani?"

ADaka sanadziwe, anagula pa msika. Ine ndinakweza khutu la jivi. Ndinawauzanso amene anabweleka kalulu wamphongo kwa aSakala, ndi amene anamubwelekanso kwa ameneyo, mpaka kufika kwathu. Wolumpha mipanda amadziwa zambili. Adokotala analemba tsamba lonse.

Akalulu a aDaka anawatsekela paokha kuti awaone kaye ngati apulumuke. Tonse anatipondetsa m'beseni la mankhwala.

"Kamwana koipa iwe!" aDaka anandiloza chala. "Bweza vitumbuwa vanga!"

"Vinatsikila pa Minga, bambo."

Adokotala anaseka mpaka kugwila tebulo. ADaka anayesa kulimbitsa nkhope, koma potuluka ndinawamva akuimbila mkazi wawo kuti kunyumba kwawo asalandile kalulu wa munthu aliyense.

Ndinafika pa Nyimba folo koloko ndi kalata yodinda chidindo. Atate anaiwelenga kawili ataimilila.

"Chabwino, si poizoni. Nanga za jivi zija?"

"Welengani mzele womaliza."

Pamenepo adokotala analemba kuti akuthokoza amene anaika chizindikilo pa khutu la kalulu, ndipo akupempha kuti oweta onse azitelo. Atate anapinda kalata. M'mawa mwake anandidzutsa okha kuti ndisachedwe kusukulu.

Paulendowu ndinaphunzila kuti matenda amakwela basi ngati ife, ndipo salipila. ASakala sandiyankhabe moni, koma Loweluka anatuma uthenga wofunsa ngati jivi watsalako.