Tsiku Limene Anabweza Galimoto

Mimba yanga yoyamba inandipeza pa kampu ya a Gemu, kutali ndi msewu wa ku Jumbe, kumene amuna anga ankagwira ntchito yolondera nyama. Panali nyumba zisanu za malata, mjigo umodzi, ndi mitengo ya mitsanya mbali zonse. Amayi anga anali atamwalira kale, choncho mwezi wanga utayandikira anabwera kudzandidikirira ndi apongozi anga, amayi awo a amuna anga. Ndinawalandira ndi manja awiri, mpaka kumadzitama kwa akazi anzanga kuti ndapeza amayi ena. Ndinali ndisanakwane zaka makumi awiri, nzeru zinali zisanabwere.

Matenda anayamba Lachiwiri m'mawa, mu Okutobala, dzuwa la kuno ku Malambo likuwotcha ngakhale pamthunzi. Amuna anga anali m'tchire, ulendo wa masiku khumi. Apongozi anaitanitsa azamba a m'mudzi wapafupi n'kutseka chitseko. Tsiku linatha, lina linayamba, mwana osatsika.

Kwathu kuno amati mwana akakanirira m'mimba ndiye kuti pali mapinga: mmodzi wa inu awiri anayenda kunja pamene mimba ilipo. Mankhwala ake ndi kuulula. Ukatchula dzina la munthuyo, akuti njira imatseguka. Mwamuna nayenso amayenera kufunsidwa, koma wanga anali kutali, ndiye funso lonse linagwera ine.

"Tchula, iwe mwana," anatero apongozi atandigwira mawondo. "Ndani?"

"Amayi, palibe. Ine ndimadziwa mwana wanu yekha."

"Usatichedwetse. Ufuna kufa ndi bodza m'kamwa?"

Lachitatu masana inabwera galimoto ya a Gemu ndi ufa ndi nyemba za alonda. Mnzanga wina wa pa kampu anathamangira dalaivala kukamuuza za ine, ndipo bamboyo anafika mpaka pakhomo pathu. Ndinkamumva bwinobwino kuseri kwa chitseko.

"Mwaswera bwanji, mayi? Ndamva kuti muno muli wodwala. Ndinyamuka thu koloko, malo alipo. Tiyeni timutengere kuchipatala."

"Zikomo, bambo, koma izi n'za akazi," anayankha apongozi. "Watsala pang'ono."

Munthuyo anali ndi mtima, anadikira mpaka firii koloko. Kenako ndinamva injini ikulira, n'kumapita kutali. Ndinakuwa kuti aiimitse, azamba n'kunditseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Lachinayi m'mawa ndinanama. Panali bambo wina amene ankabwera pa njinga Loweruka lililonse kudzagulitsa nsomba zouma. Kwawo sindinkakudziwa, ngakhale kuseka naye ndinali ndisanasekepo. Ndinatchula iyeyo, chifukwa ndinkafuna kuti chitseko chija chitseguke. Apongozi anawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Si izi!" Koma mwana sanatsike. Akulu a pa kampu, atatopa ndi kukuwa kwanga, anaitanitsanso galimoto pa wailesi, ndipo inafika dzuwa litapendeka.

Kuchipatala cha mishoni anandichita opareshoni. Anatuluka mwana wamwamuna, wosalira, wofooka ngati nsalu yonyowa. Anamudzutsa, koma atalimbana naye nthawi yaitali. Namwino wina wachikulire anandiuza akundipukuta thukuta: "Chiuno chanu n'chopapatiza, mayi, mwanayu sakanatuluka yekha. Mukanabwera dzulo, kapena dzana." Za nsomba zouma sanandifunse.

Amuna anga atabwerako kutchire, amayi awo anawauza zimene ndinaulula. Sanandimenye, sanandithamangitse, ndipo kampu yonse inawatama kuti ndi munthu wa Mulungu. Ndinawauza poyera kuti ndinanama chifukwa cha ululu.

"Ine ndakukhululukira," anatero. "Zatha, usazibwerezenso."

Bambo wa nsomba uja anamulipitsa mbuzi, akukana mpaka misozi, ndipo sanabwerenso ndi njinga yake. Mwana wanga anatsala ndi dzina loti mwana wa nsomba. Anthu ankanena chapansipansi ku mjigo, koma makutu ndinali nawo.

Mwanayo anakula, koma khosi silinalimbe. Sanakwawe, sanayende, sanatchulepo mawu oti amayi. Manja ankakhala ofumbata, miyendo yopingasa ndi youma. Phala ndinkalisefa kuti likhale lamadzimadzi, n'kumamumwetsa pang'onopang'ono atatsamira pachifuwa panga, chifukwa ukafulumira linkamutsamwa. Mbale imodzi inkatha ola lathunthu. Zitenje ndinkachapa kawiri pa tsiku. Nthawi yotentha ankagwa khunyu, ine n'kumugoneka chammbali ndikudikira kuti zidutse. Ndinkapita naye kumbuyo ku mjigo, kumunda, kutchalitchi, mpaka mapazi ake anayamba kundimenya kuseri kwa mawondo. Njovu zikadutsa pa kampu anzanga ankathawira m'nyumba, ine ndinkangokhala pansi pomwepo n'kumufungatira, chifukwa kuthamanga naye sindikanatha.

Musaganize kuti anali katundu chabe. Mwana uja ankaseka. Akamva mvuu zikulira kumtsinje ankaseka mpaka kubanika, ndipo akatero mpata wa pakati pa mano ake unkaonekera, womwewo wa bambo ake. Aliyense ankauona. Palibe ankanena.

Bambo akewo anamupangira mpando wa matabwa, wokhala ndi malamba a mphira ogwira chifuwa. Anaupangira kuseri kwa nyumba, kumene kunalibe womuona. Pagulu sanamunyamulepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinabereka atsikana ena awiri, onse kuchipatala, ndipo amenewo ankawayendetsa pamapewa kampu yonse.

Mwana wanga ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, apongozi anabwera kudzacheza ndi mtsikana wa ku Jumbe. Anati ndi mwana wa abale. Ndinamuyang'ana kamodzi ndipo ndinaona nkhope ya amuna anga. Tikusenda chinangwa tili awiri, ndinamufunsa zaka zake.

"Thwelofu," anatero. "Ndinabadwa mu Okutobala. Agogo ndiwo anandilandira. Amati mchombo wanga utangogwa ananyamuka kubwera kuno, kudzalandira mwana wina."

Mpeni unandigwa m'manja. Ndiye kuti mayi uja, pamene ankandigwira mawondo kuti nditchule dzina, anali akuchokera kukasambitsa mwana wa mkazi wina wa mwana wake. Ngati mapinga analipodi, mwini wake mayiyo ankamudziwa bwino. Anabweza galimoto akudziwa. Za mkazi winayo sizinandipweteke kwambiri, amuna ambiri a pa kampu anali otero. Chinandipweteka ndi tsiku limodzi lija, limene likanamupatsa mwana wanga miyendo.

Amuna anga ndinawapeza pakhonde akupaka mafuta majombo.

"Bambo a mwana, munkadziwa kuti ndinanama?"

Sanadzutse mutu. "Ndinkadziwa."

"Nanga chimene munandikhululukira n'chiyani?"

"Amayi ankaopa kuti ukafa, abale ako adzandiimba mlandu. Ndimabwera iwe utanena kale. Ndikanatani?"

Ndinkafuna kuwamenya ndi jombo lomwelo, koma sindinatero. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha: aimirire pamaso pa anthu, kutchalitchi kapena pa msonkhano wa banja, anene kuti mwanayu ndi wawo ndipo ine sindinayende ndi munthu.

"Ndidzanena," anatero. "Dikira nthawi yabwino."

Ndinadikira. Ndinkawakumbutsa pa Khirisimasi, pa ubatizo wa atsikana, pamene anapuma ntchito n'kusamukira pafupi ndi boma la Mambwe. Nthawi zonse pankapezeka chifukwa: amayi akudwala, kuli alendo, anthu aiwala kale, uzidzutsiranji. Zaka khumi ndi zitatu zinatha choncho, ine ndikunyamula munthu wandevu kupita naye kubafa. Amuna anga anadwala chifuwa mlungu umodzi n'kumwalira, nthawi yabwino ija isanafike.

Pamaliro, mwana wanga anagona pamphasa pambali panga, mutu uli pamiyendo yanga. Apongozi, atakalamba mpaka kupindika, anakhala moyang'anizana nafe. Mchimwene wa malemu anaimirira kuti anene mbiri. Ananena za ntchito, za tchalitchi, kenako anati, "Wasiya mkazi ndi ana atatu, onse aakazi." Anawaimiritsa kuti anthu awaone: wa ku Jumbe uja, ndi anga awiri.

Mkazi wamasiye saimirira pamaliro a mwamuna wake. Ine ndinaimirira. Ndinamukweza mwana wanga, mikono yanga ili m'khwapa mwake, mapazi akukhukhuluzika m'fumbi, mpaka pabokosi. Ndinamugwira chibwano n'kutembenuzira nkhope yake kwa anthu.

"Amayi," ndinatero kwa apongozi, "awuzeni anthuwa kuti ana ndi angati. Inu munalipo."

Mayi uja anandiyang'ana, n'kuyang'ana mdzukulu wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinaona milomo yake ikugwedezeka, ndipo mtima wanga wopusawu unayembekezerabe. Kenako anakoka chitenje n'kuphimba kumaso. Wina anayambitsa nyimbo, anthu n'kuivomera msangamsanga. Ine ndinaimabe pomwepo ndi mwana wanga mpaka mikono inandikana, ndipo palibe wa kuchimuna amene anabwera kudzandilandira.