Tsaya Lakumanzere la Achemwali

Aliyense mumsewu muja ankawatchula kuti Achemwali, ngakhale anthu owaposa msinkhu. Ntchito yawo inali yopanga mafuta odzola. Kashopu kawo kanali kopanikiza: kutsogolo mashelefu a timabotolo, kuseri sikelo, mapoto awiri ndi mthiko umene sunalawepo chakudya. Khungu lawo linali lovuta ngati la khanda, sopo wachilendo akangowakhudza basi zidzolo mbwee. Wina akanadandaula, koma iwo ankanyadira. Mafuta alionse atsopano ankayamba apaka okha mkati mwa mkono n'kudikira, ndipo akapanda kuyabwa m'pamene ankawaika pashelefu.

Mng'ono wawo anakulira pa mapoto omwewo. Anamuphunzitsa kusungunula phula, kuyeza, kutsuka mabotolo, zonse. Ndiye mwana wa dzulodzuloyu atakhwima anakatsegula shopu yake tsidya lina la msewu, khomo kuyang'anizana ndi khomo. Anayamba kupanga mafuta othiramo madzi ofinyidwa ku njere za chomera china chaminga, cha maluwa ofiirira, chimene pabotolo analemba kuti milk thistle. Makasitomala a Achemwali anayamba kuwoloka msewu mmodzimmodzi, ena akubisa nkhope podutsa. Kunena zoona, nsanje inawadya mayiwa mpaka chakudya kusiya kukoma.

Mmodzi yekha ndiye sanawataye, mayi wina mphunzitsi wopuma ntchito. Achemwali anamuuza kuti, "Zaminga kumaso? Anthuwa adzatupa, muona."

"Ayi, ndinamufunsa mng'ono wanuyo," anayankha mphunzitsiyo. "Akuti anthu ambiri siziwavuta, koma amene maluwa amawayabwitsa aziyamba ayesa pamkono. Mmene mumatiuzira inu muja."

Mawu awoawo, kutuluka m'kamwa mwa mwana uja! Tsiku lomwelo anatuma wometa tsitsi wa khomo loyandikana kuti akawagulire botolo limodzi, osatchula mwini wake. Maganizo awo anali akuti khungu lawo likangofiira, atulukira pakhomo mkono uli m'mwamba, msewu wonse uone.

Anapaka pamkono. Zii. Anapaka pakhosi, pamene ngakhale mkanda unkawatupitsa. Zii. Apo anapsa mtima, n'kuyamba kupaka tsaya lakumanzere mmawa uliwonse, lakumanja akupaka mafuta awo, kuti kusiyana kudzaoneke poyera. Akadzuka ankathamangira pagalasi kukasaka kachiphuphu ngakhale kamodzi, ngati munthu wotaya singano. Munthu wamkulu, wopemphera, kulakalaka kutupa! Koma tsayalo linkangosalala, ngati likuwaseka.

Tsiku lina mphunzitsi uja anabwera, botolo lake lakale litatha. Asanaloze pashelefu anaima n'kuwayang'anitsitsa. Anawagwira chibwano, n'kuwatembenuzira kuwala kwa pakhomo.

"Achemwali, mwatibisira chiyani? Mbali iyi yasalala bwanji! Mukuyesa mafuta atsopano eti? Ndikukudziwani inu. Ndipatseni amenewa, a tsaya ili."

"Sanafike poti n'kugulitsa," anatero Achemwali.

"Aaa, ngati sanakuyabweni inuyo, angamuyabwe ndani? Ndipatseni basi."

Achemwali anayang'ana mashelefu awo. Akanatha kutenga botolo lililonse n'kumupatsa, mayiyo sakanadziwa. Dzanja linafika mpaka pashelefu, koma linabwerera lokha. Zaka zonsezi anali asanagulitsepo munthu chinthu chabodza, ndipo nsanje ija, ngakhale inali yaikulu, inalephera kuwanamitsa.

"Amenewo kuno kulibe," anatero osamuyang'ana. "Wolokani msewu."

Mphunzitsiyo anasiya botolo lake lopanda kanthu patebulo, n'kutuluka. Achemwali anamuona akudikira galimoto kuti idutse, akuwoloka, mng'ono wawo akumulandira ndi manja awiri. Patapita kanthawi mng'onoyo anatulukira pakhomo pake n'kuyang'ana kuno, dzanja lili pachifuwa. Achemwali anakoka katani, n'kukhala pampando kuseri kwa mapoto, tsaya lakumanzere likutentha ndi manyazi ngati wina wawawaza mbama.