Mapira a Amayi M'munda wa Thonje

Chaka chimene amayi anamwalira ku Chitala, ndinabwerako ndi mbewu yawo ya mapira ofiira yodzaza kachitini. Ena onse anali atafumbwa m'nkhokwe. Ku Maganga, kumene ndinali ku chitengwa, malo onse a kumtunda anali a thonje, choncho ndinadzala mapira onsewo mobisa m'mizere itatu yakumapeto, kuseri kwa chulu. Ngakhale amuna anga sindinawauze. Alangizi a zaulimi ankafuna thonje lokhalokha, ndipo masiku amenewo kutsutsa alangizi kunali kuputa boma.

Tsoka silinunkha. Munda wathu, poti unali utagwira kapinga, ndiwo anausankha kukhala wachitsanzo cha mankhwala atsopano. M'mawa wina anafika alangizi, atcheyamani a chipani ndi khwimbi la anthu.

"Mankhwala awa ndi ozindikira," anatero alangizi akuthira m'sipuleya. "Thonje salikhudza, amapha udzu wokha."

"Nanga chimanga?" anafunsa bambo wina.

"Chimanga, mpunga, mapira, zonsezo ndi udzu basi. N'chifukwa chake timati musasakanize."

Mapira anga anali akadali aang'ono, osasiyana ndi udzu umene unawazinga. Amuna anga anabereka sipuleya monyadira n'kuyamba kupopera, ine ndikuwerenga mizere yotsala. Ndikanangoti, "Bambo, lekezani pachulupo." Koma atcheyamani anali ataima pambali panga, ndipo akanafunsa chifukwa. Ndinaopa, ndinene zoona. M'maganizo ndinkaona amuna anga akukhalitsidwa pansi pamaso pa mudzi wonse chifukwa cha ine. Atamaliza mzere womaliza amayi anzanga anaimba nthungululu, nanenso ndinaimba nawo.

Mankhwalawo sapha tsiku lomwelo, ndiye nkhanza yake. Sabata yathunthu ndinkapita ndi ndowa kukatsuka masamba a mapirawo ngati ndikusambitsa mwana, ndikudzinamiza kuti apulumuka. Kenako nsonga zinafiira. Ndikakoka imodzi inkangosololoka, kunsi itawola.

Thonje linabereka chaka chimenecho, sindinganame. Titagulitsa, amuna anga anandigulira chitenje, ndipo ndikuchiyesa anati, "Chaka chamawa ndikusiyirani kachigawo, mudzale mapira a malemu aja. Mwawasunga pati?"

Ndinaloza kachitini kopanda kanthu kaja kamene kanali kutsindwi. Iwo anangogwedeza mutu mokhutira, sanakatsegule.