Sitima ya pa Malaya a Kaunjika

Kwathu kulibe njanji. Ndinakula ndisanaonepo sitima, ndinkangoimva kwa bambo anga, amene paunyamata wawo anaikwerapo popita kumigodi.

Chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, kaunjika anasefukira pamsika wa Chiringa. Ndinagulapo malaya abuluu okhala ndi chithunzi pachifuwa: chinthu choyera, chachitali, chosongoka kutsogolo ngati mutu wa njoka, maso ang'onoang'ono m'mbali. Wogulitsa anati ndi sitima ya ku Japani.

Nditafika kunyumba ndinawapeza bambo akusenda chinangwa pakhonde. Anaika mpeni pansi.

"Tayandikira kuno, mwanawe. Ndi ndege imeneyo?"

"Akuti ndi sitima, bambo."

Anapukuta manja, n'kuyendetsa chala pamphuno ya chithunzicho. Anandiuza kuti yomwe anakwera iwo inali ya malasha, nkhope yake yobulungira ngati kumapeto kwa mgolo, utsi uli tolotolo. Ya dizilo imene anadzaiona ku Luchenza inali yaphwatalala ngati chitseko. Koma iyi sanaimvetse. Mphuno yonseyi ya chiyani, yopanda pokhala munthu?

Funsolo linawagwira sabata yonse. Tsiku lina ndikuchapa kumtsinje wotsika m'phiri, ndinangoona atulukira atanyamula kathabwa ndi chinangwa chachitali chimene anachisongola. Analowa m'madzi mpaka m'mawondo. Ataimika thabwa lija, madzi analimenya n'kutumphuka, dzanja lawo likunjenjemera. Kenako anamiza chinangwa chija, nsonga yake italoza kumene madzi ankachokera. Madzi anangogawikana mwakachetechete n'kukakumananso kumchira.

"Gwira nawenso," anatero.

Ndinagwira chinangwacho. M'dzanja simunkamveka kulimbana kulikonse.

"Ndiye kuti mphepo nayo ili ngati madzi," anatero motsitsa mawu. "Sitimayi imathamanga mpaka mphepo kulemera chonchi. Anthu amenewa anafika poopa mphepo."

Tinaima m'madzimo nthawi yaitali, zovala zanga zili pamwala.

Patapita zaka, ndikugwira ntchito m'sitolo ina paboma, abwana anga anagula wailesi yakanema. Masana ena inaonetsa sitima ngati yomwe ija, ndipo bambo anali pomwepo, atabwera kudzagula mchere. Ndinawakoka dzanja. Sitimayo inatuluka kuphanga la m'phiri, n'kudutsa m'minda ya mpunga tisanaphethire n'komwe. Kenako anaonetsa m'kati mwake. Mayi wina ankamwa tiyi, kapu ili pathebulo, osagwedezeka.

Bambo anavula chipewa. Nkhani itasintha, anakhalabe akuyang'ana.

"Ife malasha ankatilowa m'maso," anatero. "Tinkafika tili bii."

Anatenga mchere wawo n'kukwera njinga. Madzulo amenewo mphepo inkawomba kuchokera kuphiri, ndipo ndinawaona akupalasa ataweramitsa mutu pafupi ndi mahandulo, pang'onopang'ono, mpaka anakhota pamseu wa kwathu.