Ndolo Yamasiye ya Dailesi

Stelia, mwana wa mlongo wanga, anabadwa atavala kale ndolo. Azamba atamunyamula anamva ngwe! ngwe! m'makutu mwa khandalo, ndipo kuwala kwake kunafika mpaka ku Chipata, atambala a ku Zambia n'kuyamba kulira masana poyesa kuti kwachanso. Chabwino, ndanama. Anabadwa ndi makutu opanda kanthu ngati a wina aliyense, m'kanyumba ka matenanti pa esiteti ya fodya ku Mavwere. Koma zotsatirazi n'zoona, kupatula pamene si zoona.

Mayi ake, Dailesi, anali ndi ndolo ziwiri zakalekale zimene mwamuna wawo anazipeza m'thumba la jekete ya pa kaunjika. Zinali zamkuwa, zooneka ngati tsamba, ndipo pa tsambalo panayenda timawaya topyapyala ngati tsitsi, togawa malowo m'timinda ting'onoting'ono. M'kamunda kalikonse munali galasi losungunulidwa pamoto, labuluu wozama ngati thambo la m'chilimwe utsi wa lupsa usanayambe. Ophunzira amati enamelo. Stelia ali wamng'ono ankati ndi madzi ogona. Ali kumbuyo kwa mayi ake m'munda ankayang'ana ndolo ikugwedera pansi pa duku, n'kumaonamo madambo, zitsime, mbalame zouluka chagada, mpaka tulo n'kumuba. Ana ena ankatonthola ndi bere, uyu ankatonthola ndi buluu.

Tsiku lina pothyola fodya ndolo imodzi inagwa. Anaifunafuna mzere ndi mzere, koma ayi ndithu. Amalume ake a Vitus, munthu wolemekezeka amene akukulemberani izi, amanena kuti inalowa m'belo n'kupita kunja, mzungu wina n'kuisuta, moti mpaka lero amatulutsa utsi wabuluu m'makutu. Yotsalayo Dailesi anaimanga m'kansalu, ndipo atamwalira inakhala ya Stelia.

Stelia anakula n'kumapanga ndolo za waya ndi mikanda, zimene amagulitsa pamsika wa pa boma kwa anamwino, aphunzitsi ndi azimayi a geni odutsa pa boda. Amagulitsa ngati munthu amene ali kwina. Wogula akafunsa kanthu, iye amayamba wabwerera kaye kumene maganizo anapita, kenako n'kuyankha.

Ndiye mng'ono wake Chifundo anapeza banja, ukwati wake wa ku tchalitchi ku Guilleme. Tsiku lina akusenda mtedza pakhonde, Chifundo anati, "Achemwali, ndikanakonda tsiku limenelo amayi akhalepo, ngakhale pakhutu pokha. Koma mkwatibwi wa ndolo imodzi, anthu adzati ndathawa ndewu."

"Udzavala ziwiri," anatero Stelia.

"Inzakeyo muitenga kuti?"

"Ndiipanga."

Kunena kunali kosavuta. Mkuwa anaudula ku chipaipi chakale, n'kuusula mpaka kupyapyala ngati tsamba la chitedze. Timawaya anatipinda ndi kopanira nsidze, n'kutimata ndi madzi oterera a therere kuti tisasunthe. Ng'anjo yake inali mbaula, chitini chogonekedwa pakati pa makala, ndi pampu ya njinga. Moto ankaudziwa, pajatu bambo ake anakalambira pa ng'anjo za fodya, ndipo anamuphunzitsa kuti moto amauwerenga ndi mtundu wake.

Chinavuta ndi galasi. La botolo linakana kusungunuka bwino, linangochita zipsera ngati chule. Mikanda ina ya pamsika inali ya pulasitiki, inanunkha mpaka agalu a ku Mlonyeni anasamuka. Mikanda yagalasi yeniyeni inasungunuka ndithu, yosalala, yonyezimira, koma mtundu wake unali buluu wa beseni lochapira, wosayenera kuima pafupi ndi ndolo ya Dailesi. Ndiponso nthawi iliyonse mkuwa ukayamba kuzizira, pankamveka kaphokoso kakang'ono, thi! Galasi lang'aluka, kachidutswa kadumpha.

Buluu wofanana ndi wa ndoloyo Stelia anamuonapo malo amodzi okha: ali mwana, akusamba ndi mayi ake kudambo. Choncho anakwera kabaza kupita kwa mayi ake aang'ono, a Rose, amene anasunga mikanda ya m'chiuno ya malemuwo.

A Rose atamva anaika manja pamutu. "Iwe mwana, mutu ukuyenda bwino? Mikanda imeneyi mwamuna amene anaionapo ndi mmodzi, bambo ako. Lero ukufuna kuikweza pakhutu, m'tchalitchi, pamaso pa abambo mfumu ndi kwaya yonse?"

"Ndiisinja, amayi. Palibe amene adzaidziwe."

"Ine ndidzaidziwa!"

Atatero, mapewa awo anayamba kugwedera. Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafunenso kuleka. "Dailesi akanagwa nako kuseka kumeneku," anatero akupukuta m'maso ndi chitenje. Analowa m'nyumba, nabwera ndi chingwe cha mikanda yofiira, yoyera, yakuda, n'kuyamba kupulula yabuluu yokhayokha. Sinadzaze ngakhale chikhatho. "Ukaiwononga ilibe inzake, wamva?"

Mawu amenewo anamanga Stelia manja. Masiku a ukwati ankayandikira, diresi linasokedwa, azimayi anayamba kukonola chimanga, koma iye sanayerekeze kusinja ngakhale mkanda umodzi. Akaiotcha n'kumva thi! ndiye kuti wataya mayi ake kachiwiri, ndipo Chifundo akalowa m'tchalitchi makutu ali pululu. Ankangoithira mikandayo m'dzanja n'kuiyang'ana padzuwa. Ankaona Dailesi akuyenda pakati pa mizere ya fodya, masamba akumutsegulira njira, khutu limodzi likuwala, linalo lili mumthunzi, akutembenuka ngati akufuna kunena kanthu koma mphepo n'kuwatenga mawuwo.

Yankho linabwera m'mawa wina akutsuka ziwiya. M'manja mwake munali kapu yakale yachitsulo, ija yoyera ya mlomo wabuluu, yogumuka apa ndi apo. Anaipukuta m'kati, anaipukuta kunja, kenako anaima. Kapu imeneyi inamwera tiyi wotentha zaka zosawerengeka, osang'aluka yokha. Ndipo choyeracho anachipaka mbali zonse ziwiri. Anathamanga thovu lili m'manja, namasula kansalu kaja, n'kuitembenuza ndolo ya mayi ake. Moyo wake wonse ankaiyang'ana kumaso kokha. Kumbuyo kwake, kumene kumayang'ana khosi, kunalinso galasi, lotuwa, losakongola, longopakidwa mosasamala. Mkuwa ukamazizira umakokera mbali imodzi, ndipo galasi likakhala lokha limagonja. Likakhala uku ndi uku, zimakokana mofanana, palibe wogwetsa mnzake.

Anayesa kaye ndi buluu wa beseni uja, kumaso ndi kumbuyo. Sipanamveke kanthu.

Pamenepo ndi pamene anasinja mikanda ya Dailesi, pamwala, m'timadzi pang'ono kuti isadumphe, akutsuka ufawo mobwerezabwereza mpaka madzi kuyera. Kumbuyo kwa tsamba anapakako galasi wamba. Kumaso anadzaza timinda tija ndi nsonga ya nthenga, kamunda ndi kamunda, ngati munthu wofesa nazale. Analowetsa m'chitini, nagwira pampu. Ufa unayamba kuoneka ngati shuga wonyowa, kenako ngati khungu la lalanje, kenako zonse zinagona pansi n'kukhala dziwe lofiira. Anasiya kupopa. Anakokera chitini pambali pa makala kuti chizizire mwaulesi, iye n'kukhala pansi, khutu lili tcheru. Nkhuku inadutsa, anaiyang'ana ndi diso loti ikalira ndiwo zapezeka. Kufiira kunazilala, kunada, ndipo mumdimamo buluu anayamba kutuluka pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kutali.

Thi! uja sanabwere.

Pa tsiku la ukwati Chifundo analowa m'tchalitchi ndolo ziwiri zikugwedera pansi pa velo, ndipo a Rose anaimba nyimbo zonse nkhope ataiphimba ndi buku. Kumadyerero, azimayi a kuchimuna anazungulira mkwatibwi n'kumafunsa kuti zoterezi amagula kuti. Apa amalume ake a Vitus anaona kuti mbiri ya banja ikufuna mwini wake. Anaimirira, nakonza tayi.

"Buluu ameneyu musamuone chonchi," anatero. "Ndinakamutenga ndine, ku migodi ya ku Zambia, pansi penipeni pamene ngakhale nyerere zimayenda ndi tochi. Ndinamukumba ndi manja angawa. Pa boda ndinamubisa m'kamwa, asilikali akundifunsa ine n'kumangoti mmm. Kunyumba ndinkagona naye pansi pa pilo, m'mawa uliwonse n'kumamupsompsona!"

Azimayi anati, "Eee, koma amalume!" A Rose anatsamwa ndi thobwa, mpaka anawamenya pamsana.

Stelia anabwera mwaulemu wake wonse, nagwada pambali pa mpando wawo, n'kuwakoka jekete kuti aweramire pansi.

"Amalume," ananong'ona, "mwati munkamupsompsona?"

"M'mawa uliwonse, mwana wanga."

"Ndi mikanda ya m'chiuno mwa alongo anu imeneyo. Ndiwauze anthuwa ndine, kapena muwauza nokha?"